Msoko Wamkati

Lachitatu kwabwera mnyamata wa ku ofesi,
cholembera pakhutu, pepala pathabwa,
nsapato zitayera ndi fumbi la msewu wa ku Namwera.
Akuti: Agogo, chongani pamodzi pokha,
nkhope yoseka, nkhope ya duu, kapena yolira.
Kodi pano ndinu okhutira?

Ine ndine Wasili Mtalika, mwanawe.
Agogo tilimo khumi ndi asanu ndi mmodzi muno,
ukaitana choncho timatembenuka tonse.
Zaka makumi anayi ndinapalasa makina osokera
pakhonde la sitolo ku Mpondasi.
Ndinaveka akwati, anamwali otuluka ku nsondo,
ndi amuna onyada m'mikanjo ya Lachisanu.
Telala saweruza chovala pamaso.
Amachitembenuza.

Laimu ali pakhomayu ndi wadzana.
Nsalu ndagonerayi ikununkhabe kusitolo;
galimoto yako ikangowoloka mlatho wa Shire
aipinda, ibwerera m'kabati
kukadikira mlendo wina.
Nyama wamva kununkhirayo ndi yako,
ife tangoitanidwa kuphwando.

Ubwere usiku magetsi atathima,
kutentha kwa Okutobala kutatikhala pachifuwa,
udzudzu utapeza chiboo cha paneti
chimene ndakhala ndikuchiloza chiyambire Ramadani.
Udzamuone Asiyatu, foni atailuma kuti imuunikire,
akutembenuza Che Ndembo ngati dzira
kuti zilonda za pamsana zipume.
Amawapukuta osakwinya mphuno,
akuwafunsa za ng'ombe zawo zimene zinatha kale,
iwo n'kumaziwerenga mayina, imodziimodzi.
Miyezi itatu malipiro ake sanaoneke.
Sopo akatha amabwera ndi wa kwawo, atamudula pakati.
Nanga iyeyo umufunsa liti ngati ali wokhutira?

Ndiye anakoka bedi langa, yekha,
kuti ndikamaswali chogona ndiziyang'ana koyenera.
Pepala lako lilibe malo a zimenezo.

Lilibenso malo a Abiti Kalonje
amene amavala mpango wabwino Loweruka lililonse
n'kukhala pafupi ndi geti,
poti mwana wawo wa ku Joni anati adzabwera Loweruka
koma sanatchule mwezi.
Geti amatseka dzuwa likadalipo.
Akuti kuopa tingasochere.
Ine ndisochere mu Mangochi,
momwe theka la anthu linakwatira m'zovala zanga?

Sindikudandaula phala, limabwera lotentha.
Mankhwala a shuga sanandiphonyepo tsiku.
Kwa mphwanga ndinkagona m'khitchini pamodzi ndi abakha,
ndiye usalembe kuti ndikufuna kubwerera.
Koma tsiku lomwe ndinafika
anandilanda lumo ndi singano,
akuti ndingadzibaye.
Manja awa tsopano amangogona pamaondo
ngati alendo osauzidwa pokhala.
M'mawa kulibe wondifuna.
Ndiye njala imene mbale siifikira.

Mnyamata wayang'ana wotchi.
Kwatsala zipinda zinayi, ndipo dalaivala akuimba hutala.
Akuti: Bambo Mtalika, tsono ndichonge pati?

Wanditchula dzina. Chabwino.

Ndati: chonga yosekayo, ikhale ya Asiyatu.
Yolirayo uchongere Abiti Kalonje.
Ya duuyo ndi yanga, ndaizolowera pagalasi.
Akuti sizitheka, kompyuta imalandira yankho limodzi.
Ndati basi kaiuze kompyutayo ibwere idzagone kuno.

Waseka, wadzuka, ndipo pamenepo ndaona:
batani lachiwiri la malaya ake
likulendewera pa kaulusi kamodzi,
msoko wa paphewa wayamba kuseka mano.
Ntchito ya fakitale, yothamangira.

Ndati: vula malayawo, khala pansi.
Pita kaye kwa a metroni,
ukawauze kuti iweyo, wa pepala, wapempha singano.
Iwe akupatsa.
Ukabwera nayo undilowetsere ulusi,
maso okha ndiwo anandithawa,
ndipo uone mmene nkhope imakhalira
munthu akakhutira.